Kachubu Kanga M'mimba mwa Achimwene

Impso yanga yakumanzere ili m'mimba mwa achimwene anga aakulu, kumunsi chakumanja, pafupi ndi chinena. Akagona chagada mukhoza kuikhudza ndi dzanja, poti inaikidwa pafupi ndi khungu. Anthu akamva nkhaniyi mafunso awo amakhala omwewomwewo: sunaope? Ukukhala bwanji ndi impso imodzi? Ungaberekebe? Ndinazolowera, ndimayankha mosavuta. Koma pa zaka zitatu zonsezi sanapezeke ndi mmodzi yemwe wondifunsa za kachubu kamene kanachoka limodzi ndi impsoyo, chonsecho ndi kameneko kanatsala pang'ono kutitayitsa zonse.

Inenso sindinkakaganizira. Impso ikasefa magazi, mkodzo umatsikira m'chikhodzodzo kudzera m'kachubu kamnofu kamene madokotala amati ureter. Kwa munthu wamkulu kamatalika masentimita 25 mpaka 30, koma n'kowonda ngati udzu wofolerera nyumba, m'kati mwake mamilimita 3 kapena 4 basi. Kamadzifinya kokha n'kumakankha mkodzo pang'onopang'ono, monga mmene mmero umatsitsira mbamu ya nsima. Pochotsa impso mwa wopereka amadula kachubuka chapakati, natenga chigawo chakumtunda, ndipo chimenecho ndicho amakachisokerera pa chikhodzodzo cha wolandira. Impso zakale za wodwala nthawi zambiri sazichotsa, zimangotsala kumsanako zitafota. Choncho misoko ikuluikulu pa opaleshoniyi imakhala itatu: mtsempha wobweretsa magazi, mtsempha wowabweza, ndi kachubu ka mkodzo. Ife mantha athu onse anali akuti mwina thupi likana impsoyo. Za msoko wachitatu sitinafunse n'komwe.

Za mmene tinafikira ku India ndingodutsapo. Achimwene ndi mphunzitsi wa masamu ku Zomba. BP inawadya impso mwakachetechete kwa zaka, ndipo pozindikira anali atayamba kale kutupa mapazi ndi nkhope. Anakhala pa makina a dayalisisi, osefa magazi m'malo mwa impso, ku Queens kwa chaka ndi miyezi ingapo, kukwera minibasi m'bandakucha, kubwerera madzulo ali lende. Kuno kwathu opaleshoni yoika impso sinkachitika, ndiye njira inali ya kunja. Pa ana asanu a m'mimba mwa amayi, magazi anga ndiwo anagwirizana ndi awo. Lamulo la ku India la mu 1994 lokhudza kupereka ziwalo ndi lokhwima, pofuna kuthana ndi malonda a impso, moti tinayenda ndi mapepala osonyeza kuti ndifedi pachibale, zithunzi zakale za paubwana, ndipo tinakaonekera pamaso pa komiti mumzinda wa Chennai. Anasankha impso yanga yakumanzere chifukwa mtsempha wake wobweza magazi umakhala wautali, sauvutikira posoka. Opaleshoni inayenda bwino. Patatha milungu ingapo anachotsa kapulasitiki kamene anasiya m'kachubu kuti msoko upole, ndipo mwezi wachitatu tinatsika ndege pa Chileka. Amayi analuluta mpaka mawu kusasa. Lamulungu lotsatira tinakapereka chithokozo kutchalitchi, tonse tikuti mtsinje tawoloka.

Achimwene, pokhala munthu wa manambala, anagula kope lachikuto cholimba. Anajambulamo mizere ndi rula: tsiku, BP, kulemera, madzi omwe amwa, ndi creatinine. Creatinine ndi zinyalala zochokera m'minofu zomwe impso imayenera kutaya mu mkodzo. Ikachuluka m'magazi ndiye kuti impso ikulefuka. Ku India amailemba mwa muyeso wina, kuno mwa wina, ndipo kuti musinthe mumachulukitsa ndi 88. Iwo ankakonda kuchita samuyo pamtima: 1.25 wa ku Chennai ndiye 110 wa kuno. Pa 110 pamenepo ndi pomwe impso yanga inakhazikika m'thupi mwawo.

Mwezi wachinayi inafika 135. Tinati mwina n'kutentha kwa mu Okutobala, sakumwa madzi okwanira. Kuyezetsa kotsatira tinadumphitsa. Ndikunena izi mtima ukundipwetekabe: ndalama zinali zitathera ku mankhwala, achimwene ankaoneka bwino kuposa kale lonse, akudya nsima mitanda itatu, akuyenda wapansi kupita kusukulu, ndipo ine ndemwe ndinawauza alamu, akazi awo, pafoni kuti tidikire malipiro a mwezi. Titakayezetsa inali 170. Patangotha masiku khumi inali 240.

Chimene chinatisokoneza n'chakuti sankamva kupweteka paliponse. Amene anaonapo munthu wotsekeka ureter ndi kamwala akudziwa, bambo wamkulu amagubuduzika pansi ngati mwana. Koma impso yopatsidwa imafika mitsempha yake yomvera ululu itadulidwa, ndipo imeneyo sailumikiza. Ikhoza kutupa, kufinyika ndi mkodzo wake womwe, mwini wake akuseka ndi anzake pabwalo. Mkodzonso sunasiye kutuluka, chifukwa njira sinatsekeke yonse. Kope lija lokha ndilo linkafuula.

Dokotala wa impso amene tinamuona mu Blantyre anatikhazika pansi bwinobwino. Anati creatinine ikakwera mwa munthu woikidwa impso, zoganizira zilipo zingapo: thupi layamba kuikana, mankhwala a tacrolimus, oletsa thupi kukana impso, achuluka m'magazi, madzi achepa m'thupi, kachilombo kalowa, kapena mkodzo watsekeredwa penapake. Ndipo anati tisanathamangire kubaya impso kuti titengeko kanyama kokayeza, tiyambe ndi chosavuta, sikani. Ndinaima kumutu kwa bedi uku akuyendetsa kachipangizo pamimba yopakidwa mafuta ozizira aja. Pagalasi, pakati pa impso panaoneka chinthu chakuda chonga dzanja lotambasula zala. Anati umenewo ndi mkodzo wosowa kolowera, wadzaza timphako ta m'kati mwa impso. Zithunzizo tinazitumiza pa WhatsApp kwa dokotala wathu wa ku Chennai, ndipo yankho linabwera usiku womwewo, lalifupi: tibwerere msanga.

Msonkhano wa banja wa ulendo uno unali wolemera kuposa woyamba. Anthu anali atapereka kale, ng'ombe ziwiri zinali zitapita, poloti ya ku Matawale itagulitsidwa. Amalume anapukusa mutu nati, "Walira mvula walira matope, ana inu." Sanali kukana ayi, anali atangotopa ngati tonsefe. Amayi sanayankhule zambiri. Anandiyang'ana ine, nayang'ana pamimba panga pomwe pali zipsera za opaleshoni, nati chibale n'chipsera. M'mawa mwake anamasula pansonga ya chitenje ndalama zawo za mtedza. Sabata yomweyo tinanyamuka atatu, ine, achimwene ndi alamu, kudzera ku Addis Ababa, ufa wa mgaiwa uli m'chikwama ngati poyamba paja.

Choyamba chimene anachita ndi kupumitsa impso. Anawabaya jekeseni wa dzanzi pamimba, nalowetsa singano molunjika mu impso akuyang'ana pa sikani, n'kusiyamo kapaipi kotulukira kunja kokathera m'thumba la pulasitiki. Madokotala amati nephrostomy. Kwa munthu wamba kapaipi kotere kamalowera kumsana, koma poti impso yopatsidwa ili kutsogolo, kawo kanatulukira pamimba. Thumba linadzaza ife tikuona, namwino nakhuthula, linadzazanso. Alamu ankalemba mamililita m'kope muja dzanja likunjenjemera. Pa masiku anayi creatinine inatsika kufika pa 130. Pamenepo mpamene ndinapuma, poti zinasonyeza kuti impsoyo ikadali yamoyo, vuto lili panjira.

Kenaka anathira mankhwala ooneka pa ekisire kudzera m'kapaipi komweko. Chithunzi chimenecho sindidzachiiwala. Mzere woyera ukutsika bwinobwino kuchokera mu impso, wonenepa ngati chala, ndiyeno pafupi ndi chikhodzodzo ukuwonda mwadzidzidzi ngati mchira wa khoswe, n'kutsala kaulusi. Malo opanikizikawo anali ngati sentimita imodzi, pamsoko penipeni.

Dokotala wa njira za mkodzo, bambo wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, anatenga pepala natijambulira. Ureter ikakhala m'thupi mwa mwini wake imalandira magazi kuchokera m'timitsempha tambiri m'njira yake yonse, kumtunda, pakati ndi kumunsi. Ikadulidwa n'kusamutsidwa, timitsempha tonseto timatsala, ndipo imangodalira magazi otsika kuchokera ku mtsempha wa impso. Ndiye nsonga yake yakumunsi, yomwe ili kutali kwambiri, ndiyo imalandira zotsalira. Ndinamva msanga, chifukwa ndinakhalapo m'nyumba yakumapeto kwa paipi ku Ndirande, kumene mpopi umadontha pakati pa usiku pokha anzathu akumunsi atatunga tsiku lonse. Mnofu wosowa magazi umauma pang'onopang'ono n'kusanduka chipsera, ndipo chipsera chimakokana. N'chifukwa chake kupanikizika kotereku kumakonda kuchitikira chakumapeto, pafupi ndi chikhodzodzo, ndipo kawirikawiri m'chaka choyamba. Anati sizigwera ambiri, ndi anthu ochepa chabe pa 100 alionse, koma malo alionse oika impso amakumana nazo. Kuchokera mu 1954, pamene Joseph Murray ku Boston anaika impso ya Ronald Herrick mwa mapasa mnzake Richard, madokotala apeza mankhwala amphamvu oletsa thupi kukana chiwalo, aphunzira kuchotsa impso kudzera pa timabowo ting'onoting'ono ngati mmene anandichitira ine, koma masentimita omaliza a kachubuka akadali pamalo povuta.

Ndiye anawonjezera chinthu chimene chinandilasa. Impso yanga inali ndi mitsempha iwiri yobweretsa magazi, waukulu ndi wina waung'ono wolowera kumunsi. Si zachilendo, anthu ambiri anabadwa choncho, ndipo anali atandiuza kale opaleshoni isanachitike. Koma kamtsempha kakumunsiko nthawi zambiri ndiko kamadyetsa ureter. Anakasoka, koma mwina sikanapereke magazi okwanira. Anatsindika kuti palibe angatsimikize. Ine ndinangomva chimodzi: kachubu kamene kakulepherako n'kanga.

Usiku umenewo ndinatuluka m'chipinda chomwe tinkachita lendi, ndinakakhala pamasitepe, kunja kukutentha ngati mu uvuni ngakhale kunali kutada. Ndinalira kwambiri. Ndinkadziona ngati munthu wopereka mphatso ya dengu lobooka. Achimwene ananditsatira atanyamula thumba lawo la mkodzo m'manja, nakhala pambali panga mosamala kuti kapaipi kasakokeke. Anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Chemwali, iwe unandipatsa chimene unali nacho. Ukanachisula wekha bwenzi ndikukufunsa." Anakweza thumbalo pang'ono kuti ndilione pa kuwala kwa babu. "Taona. Zonsezi ndi ntchito ya impso yako kuyambira chakudya chamadzulo."

Madokotala asanakonze njirayo anayezanso magazi ndi mkodzo kufunafuna kachilombo kotchedwa BK. Kachilomboka ambiri a ife tinakatenga tili ana, ndipo kamangogona mu impso ndi m'njira za mkodzo osavutitsa. Chitetezo cha m'thupi chikatsitsidwa ndi mankhwala, monga zimakhalira kwa aliyense woikidwa impso, kamadzuka, ndipo kangathe kuwononga impso kapena kutupitsa ureter mpaka kupanikizika. Achimwene anakonda mbiri ya dzina lake: linachokera ku zilembo zoyamba za dzina la wodwala wa ku Sudan amene anaikidwa impso ku London, ureter yake n'kutsekeka, ndipo mu 1971 Sylvia Gardner ndi anzake anakapeza mu mkodzo wake. Achimwene anati, "Ndiye kuti amene anayamba kuyenda njira imeneyi ndi Mwafrika mnzathu." Mwa iwo sikanapezeke, ndipo inali nkhani yabwino, chifukwa kakapezeka mankhwala ake enieni ndi kuchepetsa omwe amateteza impso kuti isakanidwe, ndiye munthu umayenda pa chingwe.

Njira zinali ziwiri. Yoyamba, kung'ambanso pamimba, kudula malo opanikizikawo, n'kusokanso kachubu pa chikhodzodzo. Yachiwiri, kulowera m'kati mwa njira ya mkodzo momwemo ndi timawaya ndi kakamera, osang'amba. Ndimamulemekeza dokotala uja chifukwa sanatigulitse chiyembekezo. Anati kung'amba ndiko kumachiza motsimikizika, anthu 8 kapena 9 pa 10 vuto silibwereranso. Kukulitsa njirayo ndi baluni kokha, osang'amba, kumagwira kwa pafupifupi theka la odwala kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kumayenda bwino malo opanikizikawo akakhala aafupi, sentimita imodzi kapena kuchepera, komanso akapezeka msanga chipsera chisanakhwime. Akakhala aatali, kapena njira itatsekekeratu, kungotaya nthawi. Ndipo anati ikalephera koyamba, kubwereza kachiwiri ndi kachitatu mwayi umatsika kwambiri, iye sangatizungulitse, adzang'amba.

Alamu anafunsa funso lomwe linali pakamwa pa tonse: "Nanga adokotala, bwanji osangong'amba lero zithe?" Yankho lake linali lakuti pamalo pomwe panachitika kale opaleshoni minofu imamatirirana, ureter imakwiririka m'zipsera, ndipo pambali pomwepo pakudutsa mitsempha ikuluikulu yopita kumwendo ndi ya impso yomwe. Munthu womwa mankhwala otsitsa chitetezo monga prednisolone bala lake limachedwa kupola, limagwira mafinya msanga. Kwa achimwene, malo ake anali aafupi ndipo anali asanakhalitse, ndiye kunali koyenera kuyesa kamodzi njira yopepukayo. Ine maganizo anga mpaka lero ndi omwewo: njira ya kakamera ndi yabwino kwambiri ikagwera munthu woyenera, koma mawu akuti "kamodzi" aja ndi ofunika mofanana ndi njirayo. Kwa ife ochokera kutali, ulendo uliwonse wobwereza ndi munda wogulitsidwa, ndipo impso imene ikutsekeka n'kutseguka, kutsekeka n'kutseguka, imataya mphamvu yomwe sibwerera.

M'chipinda cha opaleshoni sindinalowemo, koma tsiku lotsatira anationetsa zithunzi pa kompyuta, chimodzichimodzi. Analowera kumtunda, pa bowo la kapaipi ka pamimba kaja. Kwa munthu wamba akanalowera kumunsi, kudzera m'njira yokodzera, koma khomo la ureter yopatsidwa silikhala pamalo achibadwa. Limakhala chakudenga kwa chikhodzodzo, kopendekeka, kovuta kulipeza ndi kulowamo. Anayamba ndi kawaya kofewa kunsonga, koterera, kokafufuza kaulusi kanjira kaja mpaka kutulukira m'chikhodzodzo. Dokotala anati pamenepo ndiye pagona ntchito yonse. Waya akangodutsa, zina zonse zimayenda pamwamba pake ngati sitima panjanji. Pa wayapo anatsetsereka kabaluni kowonda, kotalika ngati chala, nakapopa ndi madzi ooneka pa ekisire. Pa chithunzi choyamba baluniyo inali yofufuma uku ndi uku koma yomangika pakati, ndipo madokotala amatchuladi pamenepo kuti chiuno. Pa chithunzi chachitatu chiuno chinali chitatsala pang'ono, chikukanirira. Ndiye analowetsa kakamera kopindika, ndi kaulusi ka laser ya holmium kowonda ngati chingwe cha mbedza, nacheka chipseracho mzere umodzi m'litali mpaka mafuta achikasu akunja kwa kachubu ataonekera. Amasankha mosamala mbali yochekera kuti apewe mitsempha ya magazi. Ndinadabwa kumva kuti amachekadi mpaka kubooleza. Anati ndi dala, kuti popola mnofu watsopano umere motambasuka.

Kuti umere motambasuka pamafunika chikombole, ndipo chikombolecho ndi stent. Ndi kapulasitiki kofewa, kabowo m'kati, kopiringizika nsonga zonse ziwiri ngati mchira wa nkhumba, kwina kukakola mu impso, kwina m'chikhodzodzo, kuti kasasunthe. Amati double J, ndipo anayambitsa ndi Roy Finney wa ku America mu 1978. Ka odwala oikidwa impso kamakhala kakafupi kuposa ka anthu ena, poti njira yawo ndi yaifupi. Patatha masiku awiri anatseka kapaipi ka pamimba kuti aone ngati mkodzo ukutsika wokha, kenaka anakachotsa. Achimwene anayenda m'khonde la chipatala manja ali lende, opanda thumba, akumwetulira ngati mwana wovala nsapato zatsopano.

Kunyumba ya lendi kuja tinkaphikira pamodzi ndi anthu a mayiko ena, ndipo nkhani za pa chitofu zinali za creatinine basi. Panali bambo wina wa ku Tanzania amene vuto lake linali ngati lathu koma malo opanikizika anali aatali. Iyeyo anamung'amba, ndipo anachita chinthu chomwe chinandizizwitsa: anatenga ureter yake yakale, ya impso yakufa ija, yomwe inali ikadali ndi magazi ake abwinobwino, naisokerera ku impso yatsopano. Panalinso mayi wina wachikulire wa ku Nigeria amene mtima wake sukanapirira opaleshoni yaikulu. Iyeyo amangokhala ndi stent, n'kumaisinthitsa miyezi ingapo iliyonse, ndipo anali atatero kwa zaka. Ankadya nafe nsima, akuti ikufanana ndi chakudya cha kwawo.

Kukhala ndi stent si kopepuka ayi. Nsonga yake imakhudza chikhodzodzo, ndiye munthu amamva mkodzo pafupipafupi, nthawi zina wofiirira akayenda kwambiri. M'ndege pobwerera tinawapemphera mpando wa m'mphepete mwa kanjira. Tili kumudzi, sabata yachitatu, thupi linatentha usiku, akunjenjemera. Kwathu kuno kutentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo pang'onong'ono tikanangogula LA pa golosale. Alamu ndiwo anakana, nati dokotala ananena kuti kutentha kulikonse tikayezetse ndi mkodzo womwe. Malungo sanapezeke, anali matenda a m'njira ya mkodzo, amene kwa munthu wa chitetezo chotsitsidwa, wokhala ndi pulasitiki m'thupi, amakwera msanga kukafika mu impso ndi m'magazi. Anagonekedwa masiku asanu akulandira mankhwala a m'mitsempha.

Tsiku lochotsa stent analilemba ndi inki yofiira pa chikuto cha kope. Dokotala wa ku Chennai anatichenjeza kawiri konse kuti stent yoiwalika ndi yoopsa kuposa matenda amene inabwerera: mchere wa mu mkodzo umaundana pa iyo monga zimachitira m'ketulo yophikira madzi a pa mjigo, mpaka imasanduka mwala wosatheka kukoka. Patatha milungu 6 anaichotsa konkuno, m'chipatala china mu Blantyre, ndi kakamera kolowera kumunsi. Sizinathe ndi mphindi khumi zomwe. Achimwene anapempha kuti aione. Anati anayembekeza chinthu chachikulu, koma kanali kakang'ono, kosakwana chikhatho, kabuluu.

Mayeso enieni anayamba pamenepo. Stent ili m'kati, njira imakhala yotseguka ndithu. Funso ndi lakuti chipsera chikokananso kapena ayi chikombole chitachoka, ndipo chikafuna kutero chimatero m'miyezi yoyambirira. Tinayezetsa sabata iliyonse, kenaka milungu iwiri iliyonse, sikani mwezi ndi mwezi. Foni ikalira Lachinayi masana ndinkatuluka mu ofesi kukayankhira panja. 121. 116. 124, ndipo usiku umenewo sindinagone. 113. Dzanja lakuda lija pa sikani linafota pang'onopang'ono mpaka kutsala kamzere.

Chimene chimandiwawa ndikaganiza za anzathu ena n'chakuti tonse, mabanja ngakhale othandiza, mphamvu zathu timathera pa ulendo wopita. Timasonkha za ndege, za opaleshoni, za gadiyani, ndipo wodwala akatsika pa Chileka kapena ku Lumbadzi timati zatheka. Koma impso yopatsidwa imafuna mankhwala tsiku lililonse moyo wonse, kuyeza magazi kosadumphitsa, ndi munthu wodziwa kuyang'ana sikani yake. Kuyeza kamodzi kumene ine ndinati kudikire malipiro kunali kotchipa kuposa chakudya cha tsiku limodzi ku Chennai. Anthu akamandifunsa malangizo asananyamuke, ndimawauza kuti asabwerere opanda lipoti lonse la opaleshoni m'manja, lonena kuti mitsempha inali ingati ndi mmene anasokera ureter. Afunse ngati muli stent ndi tsiku loichotsa. Adziwe nambala imene creatinine yawo yakhazikikapo, kuti ikangosuntha asadikire kumva ululu, chifukwa ululuwo subwera. Ndipo posonkha ndalama, asiyeko thumba lina la chaka choyamba. Ambiri amandimvera mwaulemu, maso ali pa visa. Ndimawamvetsa, nanenso ndinali choncho.

Mwezi watha ndinapita ku Zomba. Ndinapeza achimwene ali pakhonde akuchonga mayeso a Fomu 4, botolo la madzi la malita awiri lili pambali, alamu yolira nthawi ya mankhwala itatcheredwa pa foni. Kope lija ndi lachitatu tsopano. Ndikulitsegula ndinaona 118, ndiyeno mizere ya miyezi yakutsogolo yojambulidwa kale ndi rula, yopanda kanthu. Kumapeto kwa kopelo ndinapeza tsamba lina lomwe sindinkalidziwa, pamwamba pake palembedwa dzina langa. Analembamo BP ndi creatinine yanga ya chaka chilichonse kuyambira pa opaleshoni, manambala amene ndinkangowatchulira pafoni n'kuiwala. Mzere wa chaka chino unali wopanda kanthu.

"Unayenera kuyezetsa mu Juni," anatero osadzutsa mutu pa mapepala awo. "Lolemba upite. Ndikuimbira Lachiwiri."